Manja a pa Nsalu ya Baisikopo

Pa khonde la sitolo ina ku Nyimba, pafupi ndi pamene azimai amagulitsila nthochi mabasi a ku Chipata akaima, panali makina osokela akuda opalasa ndi mapazi. Kumbuyo kwa makinawo kunkakhala a Vitalis Njobvu, telala kuyambila unyamata wao. Anasoka mayunifomu a ana a sukulu, madilesi a ukwati, ndi zigamba zosawelengeka pa mabuluku a anthu opalasa njinga. Koma utelala si umene unawapatsa dzina. Kuchokela ku Kacholola mpaka ku Petauke anthu ankawadziwa kuti ndi a Mvelani, mlimi wanzelu wa mu baisikopo.

Dzinalo analitola mu 1967, ufulu ukali wamng'ono. Masiku amenewo a Vitalis anali mkamwini m'mudzi wina waung'ono wa kwa Mwape, kwao kwa akazi ao a Mildred. M'mudzi momwemo munali mkamwini wina, a Cosmas Mumba, munthu wamfupi, wamanzele, woseketsa ngakhale atangokhala chete. Kachala kao kakang'ono ka kumanzele kanaduka nsonga ndi kasemasema ali mnyamata. Munda wa a Cosmas unali ngati mutu wopesedwa bwino, mizele yoongoka, udzu wosaoneka. Nkhokwe anali nazo zitatu. Munda wa a Vitalis unali wina. Iwo ankati khasu limaumitsa zala, ndipo zala zouma sizigwila singano.

Chaka chimenecho kunabwela anthu a boma ojambula kanema kuchokela ku Lusaka, ndi galimoto ziwili ndi makina oima pa miyendo itatu. Ankafuna kupanga filimu yophunzitsa anthu kulima nshawa. Nkhani yake inali yachidule: alimi awili oyandikana, wina womvela alangizi, wina waulesi wongoti ndidzalima mailo, ndiko kuti mawa. Mkulu wa ojambulawo, a Kapembwa, Mbemba wovala chipewa choyela, anaimika amuna onse a m'mudzi pamzele n'kumawayang'ana kumaso ngati wogula ng'ombe. Atafika pa a Vitalis anaima. A Vitalis anali aatali, mano onse alimo, ndipo ndiwo okha anali ndi jekete.

"Uyu ndiye Mvelani," anatelo a Kapembwa. "Nkhope yake ndi ya munthu wokolola."

Pamene ankapitiliza kuyenda, anthu anayamba kuseka. Atacheuka anapeza a Cosmas ali kumbuyo kwao, akuyenda monga iwo, manja kumsana, mimba kutsogolo, akuyang'ana mano a anzao. A Kapembwa sanakwiye. Anaseka mpaka anavula chipewa, nati waulesi uja wapezeka, dzina lake Mailomailo.

"Zikomo bwana," anatelo a Cosmas. "Munda wabwino mwauona kale, ndi wanga uja. Nanga woipa muupeza kuti?"

Mitu yonse inatembenukila kwa a Vitalis.

Anasinthana motelo. A Vitalis anaima ndi jekete lao pakati pa nshawa za a Cosmas, akugwedeza mutu kwa mlangizi. A Cosmas anakagona pansi pa mtengo wa mango m'munda wa a Vitalis, khasu atatsamila, udzu ukufika m'chiuno. Ojambulawo anabwela katatu, pobzala, popalila ndi pokolola, ndipo ulendo uliwonse a Cosmas ankabwela ndi nzelu yatsopano imene a Kapembwa sanaiganize. Anapaka mchele pa chipewa chao cha mlaza kuti mbuzi ichidye iwo ali mtulo. Mbuzi itafika pakati pa chipewa, anatsegula diso limodzi, n'kuiyang'ana, n'kulitsekanso. Munthu wogwila makina anaseka mpaka chithunzi chinagwedezeka, ndipo kugwedezeka kumeneko kunatsala mu filimu.

Vuto linabuka pa tsiku loonetsa kabzalidwe. A Vitalis anapatsidwa khasu kuti aunde mzele umodzi makina akuyang'ana. Mzelewo unatuluka ngati njoka yooloka msewu, ndipo m'manja mwao munatuluka matuza. A Kapembwa anakanda mutu. Kenaka anawavula jekete n'kuveka a Cosmas, n'kusendeza makina pafupi kuti ajambule manja okha. Manjawo anaunda mzele, anayeza mpata ndi chikhatho, anaponya mbeu imodzi m'phando lililonse, n'kukwilila ndi chala chachikulu. Pambuyo pake anazula nshawa, n'kuzikutumula, n'kuziyanika mizu kumwamba. Zonsezi mu filimu zinali za a Mvelani.

Panalinso galu wa a Cosmas, dzina lake Bwelako. Kumapeto kwa nkhani Mailomailo amabwela ndi kadengu kudzapempha nshawa ku nkhokwe za Mvelani, ndipo galu ankayenela kumuuwa. Koma Bwelako ataona mbuye wake anamulumphila pachifuwa, mchila uli pukupuku, n'kumunyambita kumaso. Anam'manga chingwe, iye anachidula. A Kapembwa anati filimu siikula m'munda, zikhale momwemo. Filimuyo inalibe mawu a anthu, inali ndi nyimbo chabe, ndipo woyendetsa galimoto ya baisikopo ndiye ankafotokoza nkhani pa maikolofoni. Pofika pa galu paja ankati, "Onani, ngakhale galu akufuna kumuluma waulesi." Anthu ankaona zimene auzidwa.

Galimoto ya baisikopo inazungulila nayo filimuyo zaka ndi zaka, m'masukulu, m'misika, m'mabwalo a mpila. A m'mudzi muja ankadziwa zoona, koma anali nyumba khumi ndi ziwili chabe. Chigawo chonse chinadziwa za pa nsalu. A Cosmas akafika pa Nyimba ana ankawatsata akuimba Mailomailo, ndipo iwo ankayasamula mokuwa n'kutsamila mtengo, msika wonse n'kufa ndi phwete. Amai ena ankawakalipila zenizeni. "Bambo inu, ana anu adya chiyani chaka chino?" Iwo ankayankha kuti adzaganiza mailo.

A Vitalis, amene anali atasamukila ku Nyimba ndi makina ao, ankapatsidwa mpando kulikonse. Anaikidwa m'komiti ya kopaletivu. Ankaitanidwa ku chionetselo cha zaulimi kuti akagwile nshawa za anthu n'kunena zabwino ndi zoipa. Poyamba ankachita manyazi, koma ulemu uli ngati nsapato yobweleka, ukaivala nthawi yaitali phazi limaiwala kuti ili ndi mwini. Chaka chilichonse mwezi wa Juni a Cosmas ankafika pa njinga ndi thumba la nshawa, n'kulitula kuseli kwa nyumba ya a Vitalis.

"Alendo akafunsa zokolola za a Mvelani muziwaonetsa izi, a Njobvu. Musatichititse manyazi tonse awili."

"Koma inu a Mumba, sizikuwawani? Akuseka inu, akulemekeza ine."

"Akandiseka ine amakumbukila kukapalila. Asiyeni aseke, nshawa zichuluke."

Chaka china a Vitalis anatapa mbale imodzi m'thumba limenelo n'kupita nayo ku chionetselo. Anabwelako ndi satifiketi ya mlimi woyamba wa nshawa, ndipo anaiika m'galasi pa chipupa. A Cosmas ataiona anaiwelenga pang'onopang'ono, n'kunena kuti galasilo n'labwino, koma tsiku limenelo sanakhalitse.

A Cosmas anamwalila mu Febuluwale 1981, chimanga chikumasula, atadwala chifuwa milungu itatu. Pa malilo panafika anthu ambili osawadziwa, ena kuchokela kutali, kudzaika munthu amene anawaseketsa. A Vitalis anapemphedwa kulankhula kumanda. Anaimilila, anayang'ana anthu a m'komiti amene anabwela nao, ndipo anati malemuwa anali munthu wokondweletsa anthu, Mulungu awalandile. Anakhala pansi. Namfedwa, amai Emeldah, anawayang'ana kamodzi chabe kuchokela pakati pa azimai, ndipo a Vitalis anayang'ana dothi.

Panapita chaka ndi miyezi. Tsiku lina la Seputembala, dzuwa likuotcha malata a khonde, amai Emeldah anatsika pa lole ndi kamtolo komanga m'chitenje. Analonjelana, anafunsana za ana ndi za mvula imene inali isanaoneke. Kenaka mai aja anamasula mtolo pa thebulo la makina. Munali mbale ziwili zovindikilana, zija amatumiza kwa makolo a mtsikana pofunsila mbeta.

"Zabwela, alamu. Sanazivundukule n'komwe."

Mwana wao Fabian, mnyamata wa zaka makumi awili ndi zinai, anali atakondana ndi Rosemary, mtsikana wa kwa Sandwe amene anadzakhala kwa mkulu wake pa Nyimba. Onse anali atagwilizana. Koma asibweni ake a mtsikanayo, a Eustace Daka, amene analinso tcheyamani wa chipani m'mudzi mwao, atamva dzina la atate ake a mnyamata anabweza mbale.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Vitalis.

"Akuti mkamwini amadzalima munda wa apongozi, ndipo mwana wa Mailomailo adzawagonetsa ndi njala. Nkhoswe yathu inati ija inali sewelo chabe. Iwo ati anaona ndi maso ao kanai, ndipo boma silingayende ulendo wonse uja ndi galimoto kudzaonetsa anthu bodza."

"Ndingawalembele kalata."

"Kalata ya a Mvelani yonena kuti mwana wa waulesi mumuchitile chifundo?" Amai Emeldah anamanganso mbale zao. "Amuna anga ankati asiyeni aseke. Iwo anali ndi nkhokwe zitatu zowayankhila. Mwanayu ali ndi dzina chabe, alamu, ndipo dzinalo lili kwa inu."

Masana amenewo a Vitalis anasoka mkono wa shati chagada, n'kuphwasula, n'kusokanso chagada. Atafika kunyumba anawafotokozela a Mildred, amene ankapeta mpunga pakhomo. A Mildred sanasiye kupeta.

"Ndiye mukuti bwanji, awisi Jennipher?" anafunsa, powaitana ndi dzina la mwana wao.

"Ndikaulula, m'komiti andichotsa. Ku chionetselo adzandiseka."

"Ine ndakhala ndikukusekani zaka khumi ndi zisanu, simunafe." Anauzila mankhusu. "Munda uja wa udzu unali wa amai anga. Zambia yonse inauona. Mukuganiza kuti ine sindinavale manyazi? Pitani mukatenge ulesi wanu, mwauleka nthawi yaitali kwa anthu osalakwa."

M'mawa mwake a Vitalis anakwela basi ya ku Petauke. Galimoto ya baisikopo anaipeza kuseli kwa maofesi, itaima pa mthunzi, nkhuku itaikila pansi pake. Woyendetsa wake tsopano anali a Jethro Mubita, Mlozi wa ku Mongu amene Chinyanja chake chinali chokhotakhota. Anati mafuta ndi osowa, galimoto imatuluka sabata ya ufulu yokha, ndipo chaka chino inalembedwa kupita kwa Sandwe. Filimu ya nshawa inalipo, m'chitini chadzimbili pansi pa mafilimu a katemela. A Jethro atazindikila nkhope ya mlendo wao anaimilila n'kuwapatsa mpando wao. Koma atamva pempho anapukusa mutu.

"Maikolofoni ndi ya boma, bambo. Wolankhulapo ndine. Komanso mwina sitipita. Onani nsalu."

Anatambasula nsalu yoonetselapo zithunzi. Mphepo inali itaing'amba kuchokela pamwamba mpaka pakati, ndipo makoswe anali atamaliza ngodya imodzi. A Vitalis anaigwila, anaikoka ndi zala, anayang'ana ulusi wake. Aka kanali koyamba pa nkhani yonse ya baisikopo kuti afunsidwe chinthu chimene manja ao ankachidziwa.

"Ndikaisoka msoko osaoneka, mudzandibweleka maikolofoni pa filimu imodzi?"

A Jethro anayang'ana chibowo cha makoswe, n'kunena kuti mwina pakhosi padzawawawa tsiku limenelo.

Anaisoka masiku atatu. Pa 22 Okutobala ananyamuka m'mamawa, a Vitalis kutsogolo, amai Emeldah ndi Fabian kumbuyo pakati pa zitini ndi jeneleta. Msewu wa kwa Sandwe unawapukusa ngati nyemba m'lichelo. A Jethro anakana zoonetsa kutada, chifukwa ankafuna kudutsa malo a njovu kukali koyela, motelo anthu anatseka mazenela a tchalitchi ndi mphasa ndi masaka. Munalowa anthu mpaka ena anakhala pa miyendo ya anzao. Kutentha kunali kwa Okutobala weniweni.

A Eustace Daka anali munthu woonda wa ndevu zoyela, wovala baji ya chipani pa shati yotsukidwa bwino. Atamva kuti a Mvelani eni ake abwela, anatumiza munthu kukagwila tambala, n'kuwakhazika pa mpando wa abusa. Mai ndi mnyamata amene anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko sanawazindikile, popeza mbale zinabwela ndi nkhoswe. Koma Rosemary, amene anakhala pakati pa atsikana, anawaona, n'kuweletsa mutu.

"Lelo tili ndi mwayi," anatelo a Eustace atatha kufuulitsa anthu mawu a chipani. "Munthu amene anatiphunzitsa kubzala nshawa ali pakati pathu. Anyamata a masiku ano mumuyang'anitsitse."

Jeneleta inalila panja. Kuwala kunagwa pa nsalu, ndipo a Vitalis anayamba ayang'ana msoko wao. Sunkaoneka. Kenaka panatuluka munda wa mizele yoongoka, ndi munthu wamtali wa jekete ataima pakati. Anthu anaomba m'manja. A Jethro anakhosomola kawili, anagwila pakhosi, n'kupeleka maikolofoni. Inali yolemela kuposa mmene a Vitalis ankaganizila.

"Munda uwu si wanga," anatelo. Mawu ao anatuluka aakulu mpaka iwo eni anadzidzimuka. "Ndi wa malemu a Cosmas Mumba, amene inu mumati a Mailomailo. Nkhokwe zitatu mudzaonazo n'zao. Changa apa ndi jekete."

Anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala ya anthu a mu baisikopo. Pa nsalu panafika munda wa udzu ndi munthu wogona pansi pa mango.

"Uwu ndiye wanga. Udzu umenewo sanabzale a boma, unamela wokha m'manja mwanga. Apongozi anga anamwalila asanandikhululukile."

Kuseka kunachepa. A Eustace anasendela pafupi n'kulankhula chapansipansi, koma maikolofoni inatola zonse. "Bambo, kodi mwamwako panjila? Iyi ndi filimu ya boma."

"Boma silinaname pa nshawa, a tcheyamani. Zimabzalidwa momwemo. Koma ndikupemphani, manja akafika, muwelenge zala."

Manja anafika, n'kupita msanga. Ena anati aona, ena anati sanaone kanthu. A Jethro anati sangaimitse chithunzi chifukwa moto wa nyali ungapseleze filimu, koma angaibweze. Anaibweza. Makina anayambanso kuti tekeketekeke. Manja aja anagwila khasu, anaunda mzele, anatambasula chikhatho pa dothi.

"Wamanzele uyo," anatelo mai wina kutsogolo.

"Kachala kakang'ono n'koduka," anatelo wina.

A Vitalis anaimilila n'kulowetsa manja ao onse awili m'kuwala. Mithunzi yake inagwela pa nsalu pamwamba pa manja olima aja, zala khumi zazitali zowonda, zonse zathunthu. Anazitembenuza uku ndi uku kuti aliyense aone. Kenaka kuchokela kumbuyo kunamveka mawu a mai, osakweza.

"Chala chimenecho ndinachidziwa zaka makumi atatu. Chikamazizila mwezi wa Juni ankachiika m'khwapa."

Anthu anacheuka. Amai Emeldah anali ataimilila pafupi ndi chitseko, mtolo wao uli m'manja. A Vitalis anauza anthu kuti awo ndi akazi a malemu, ndipo mnyamata wakhala pambali paoyo ndi mwana wao Fabian. Panamveka kunong'onezana, chifukwa nkhani ya mbale mudzi wonse unkaidziwa. A Eustace anakhala chilili, maso pa nsalu.

Filimu inapitilila, ndipo a Vitalis anapeza kuti mantha awathela. Anafotokoza za mchele wa pa chipewa, ndipo mbuzi itayamba kudya, anthu anaseka kuposa kale, podziwa tsopano kuti munthu wogonayo ndiye anakonza zonse. Anafotokoza mmene a Cosmas ankadzukila nkhuku zisanatsike kukapalila munda wao weniweni, n'kusamba, n'kubwela kudzagona pa makina. Ananena za thumba la mwezi wa Juni. Ananenanso za satifiketi. Kenaka Mailomailo anatulukila ndi kadengu kake, ndipo galu anathamanga.

"Apa sindinena kanthu," anatelo a Vitalis. "Yang'anani mchila."

Bwelako analumpha, mchila uli pukupuku, lilime pa nkhope ya mbuye wake. Tchalitchi chinaphulika. Azimai anaimba nthungululu, amuna anamenya mabenchi. Mkulu wina wa mpingo ankangobweleza kuti galu saphunzila sewelo, galu saphunzila sewelo. Anapempha kuti abwezenso, ndipo a Jethro, amene pakhosi panali patapola, anabweza kawili.

Atachotsa mphasa m'mazenela, anthu onse anayang'ana a Eustace. Iwo anakonza baji yao.

"Ine galu uja ndinkamukayikila kuyambila kale," anatelo.

"Munamukayikila liti, achimwene?" anafunsa mlongo wao, amai ake a Rosemary. "Si inu munkatiuza kuti akuluma?"

"Chete iwe, tili pa msonkhano." Anadikila kuti kuseka kuthe. "Chabwino. Atate ake anali mlimi, taona. Koma ine sindikwatitsa mwana kwa chithunzi. Kuseli kuno kuli munda wa tchalitchi. Bweletsani makasu awili."

"Awili a chiyani?" anafunsa a Vitalis.

"Lina n'lanu, a Mvelani. Tambala wanga wafa kale chifukwa cha inu, mumugwilile nchito."

Dzuwa linali litapendeka pang'ono pamene mudzi wonse unazungulila mundawo. Dothi linali louma gwa, loyembekeza mvula. Fabian anavula shati, analavulila m'manja, n'kugwila khasu dzanja lamanzele kutsogolo. Sanayang'ane munthu. Anayamba kuunda, fumbi likukwela, ndipo mzele unatuluka kumbuyo kwake woongoka ngati wokokela chingwe. A Vitalis anavula jekete n'kuyamba wao pambali pake. Fabian atafika kumapeto n'kubwelela ndi mzele wachiwili, anawapeza akali pa mayadi asanu, mzele wao utapinda kulowela ku chulu.

"Njoka ija yabwelanso," anatelo amai Emeldah, ndipo aka kanali koyamba kuti a Vitalis awaone akuseka chimwalilile amuna ao.

"A Mailomailo enieni ndi awa," anakuwa mtsikana wina. A Vitalis anaponya khasu, anayasamula mokuwa monga ankachitila mnzao, n'kukatsamila chulu. Sanafikepo pa luso la a Cosmas, koma anthu anawaombela m'manja ndithu.

A Eustace anayenda m'mbali mwa mizele ya Fabian, anaiponda ndi chidendene kuti aone ngati igumuka, anayeza mpata ndi phazi. Atafika kumapeto anatembenukila kwa amai Emeldah n'kuvula chipewa.

"Amai, zija tinabweza zija, kodi zili kutali?"

"Zili pano, bambo."

"Zisabwele m'manja mwanu, si mwambo. Pezani nkhoswe."

Amai Emeldah anayang'ana uku ndi uku, ndipo maso ao anaima pa munthu wotsamila chulu, wa matuza m'manja. A Vitalis anadzuka, anasasa fumbi, anavala jekete. Analandila mbalezo ndi manja awili, anayenda mapazi khumi, n'kugwada pamaso pa a Eustace Daka. Ulendo uno zinavundukulidwa.

Ukwati unachitika chaka chotsatila atakolola. Dilesi ya Rosemary anasoka a Vitalis, ndipo azimai a kwa Sandwe anaitembenuza kufunafuna msoko wokhota osaupeza. M'komiti ya kopaletivu anachokamo okha asanauzidwe. Satifiketi ija anaichotsa pa chipupa n'kukaipeleka kwa amai Emeldah pamodzi ndi galasi lake, ndipo mai aja anamata kapepala pa dzina, n'kuuza Fabian alembepo lina. A Jethro anapitiliza kuzungulila ndi filimuyo mpaka inatha ndi kudukaduka, koma ankaifotokoza mwatsopano m'Chinyanja chao chokhota, ndipo akuti m'midzi ina anthu ankaimilila manja aja akafika pa nsalu.

A Vitalis anakhalabe pa khonde paja zaka zina zambili, makina akulila, nthochi zikugulitsidwa pambali. Nthawi zina munthu wotsika basi ankawayang'anitsitsa, n'kubwela pafupi, n'kufunsa ngati si iwo a Mvelani a mu baisikopo.

"Amenewo anagona kwa Mwape," ankayankha, osachotsa phazi pa makina. "Anali wamfupi, wamanzele. Khalani pa benchipo ndikuuzeni za mbuzi ndi chipewa. Ngati muli ndi chong'ambika, bweletsani ndizisoka tikucheza."